Mwendo wa telala wa ku Mufakose: lipoti la wodwala khansa ya Kaposi

Bambo amene ndikulemba nkhani yawo anandilola okha kuti ndiilembe, ndipo zina zomwe zikanawazindikiritsa ndazisintha. Ali ndi zaka 47, ntchito yawo ndi utelala, ndipo anabadwira ku Mufakose konkuno ku Harare. Bambo awo anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, monganso agogo anga. Tsiku loyamba ankalankhula Chishona ndi anesi, koma atandimva ndikuyankha foni ya mayi anga m'Chichewa, nkhope inamasuka. "Kani ndinu akwathu, adokotala?" Kuyambira pamenepo anandiuza zinthu zimene sanauze wina aliyense pakiliniki yathu.

Mbiri ya matenda

Anapezeka ndi HIV zaka 8 zapitazo ndipo ankamwa ma ARV mosadumphitsa kufikira pamene anapita ku Johannesburg kukasoka pafakitale ina. Kumeneko analibe mapepala, kuchipatala ankaopako, mpaka zaka pafupifupi 2 zinatha osamwa. Atabwerera anayambiranso, awa a piritsi limodzi patsiku omwe timati TLD, muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Patangotha milungu 5 mwendo wakumanzere unayamba kutupa, womwewo umene amapalasira makina.

Apa ndiyenera kunena kulakwa kwanga. Ulendo woyambawo mwendo unali wotupa kuyambira kuphazi mpaka pabondo, wolimba, ukadina ndi chala osalowa kwenikweni. Panali mphini zatsopano, chifukwa alongo awo anali atapita nawo kwa sing'anga ku Epworth poganiza kuti anaponda mankhwala pakhomo la shopu. Pakati pa mphinizo panali mawanga akuda atatu kapena anayi, ine n'kuwayesa zipsera. Maganizo anga anathamangira ku magazi oundana mumtsempha. Ndinawatumiza kukaunikidwa, zotsatira zinati mtsempha uli bwinobwino, ndiye ndinawapatsa tsiku lobweranso. M'kamwa sindinayang'anemo. Mabuku ambiri amene tinaphunzirira amaonetsa khansa ya Kaposi pakhungu la azungu, pomwe imawala mofiirira. Pakhungu lathu imada ngati nthudza yakupsa, ndipo diso lothamanga limaidumpha. Komabe kuuza munthu kuti ayasamule sikutha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo ine sindinatero.

Tsiku lija lisanakwane anayamba kutsokomola ndi kubanika. Pakiliniki ina ya pafupi ndi kwawo anamva kaphokoso m'chifuwa, anaganiza za mphumu, anawapatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa. Chifuwa chitakana, anawayambitsanso mankhwala a TB ngakhale makhololo sanaonetse kanthu. Anzangawo sindikuwaweruza. Munthu wa HIV akamatsokomola uku akuwonda, tonsefe kuno timayamba taganiza za TB, ndipo nthawi zambiri timakhoza. Koma atafikanso kwa ine, atamwa prednisolone milungu 3, anali munthu wina.

Zimene ndinapeza

Mawanga aja anali atasanduka zotupa zokwera. Ndinawerenga zoposa 30 pamwendo womwewo, zina pantchafu, china pamphuno, china kuseri kwa khutu. Kumwamba kwa m'kamwa kunali chotupa chofiirira chachikulu ngati ndalama yachitsulo, chotuluka magazi ukangochikhudza. M'mphechepeche munali mwanabele. Ankapuma ka 28 pa mphindi, okosijeni m'magazi ali pa 90 peresenti atakhala pansi. CD4, chiwerengero cha maselo a chitetezo, inali 88 yokha, hemoglobin, yosonyeza kuchuluka kwa magazi, inali yotsika pa 9.1, ndipo kachilombo ka HIV kanali katatsika kale kufika pa makope 900 pa mililita, kusonyeza kuti ma ARV akugwira. GeneXpert ya makhololo tinaibwereza kawiri osapeza TB, ya mkodzo ya LAM chimodzimodzi. X-ray inaonetsa mawanga otsata njira za mpweya kuchokera pakati pa chifuwa kumwazikira m'mbali, ndi madzi pang'ono kumanja.

Tinadula kachidutswa ka khungu n'kutumiza ku labotale. Lipoti linafotokoza maselo ataliatali osongoka uku ndi uku ngati njere za mpunga, pakati pawo timing'alu todzaza maselo ofiira a magazi, ndipo mkati mwa maselowo anapezamo puloteni yotchedwa LANA, ya kachilombo kena osati ka HIV. Imeneyi ndi khansa ya Kaposi mosakayikitsa. Potsata magawo amene bungwe lofufuza za Edzi la ACTG linakhazikitsa mu 1989, bambowa anali pa T1, gawo loopsa, chifukwa cha kutupa kwa mwendo, chotupa chachikulu cha m'kamwa ndi mapapo.

Chimene chinkachitika m'mwendomo

Akazi awo anadikira bambo atuluke kukayezedwa sikelo, kenako anandifunsa motsitsa mawu: "Adokotala, musandibisire. Matendawa anakawatenga kwa akazi a ku Joni?" Funso limenelo ndi limene linandikakamiza kuwafotokozera banjali zonse mwatsatanetsatane, ndipo ndi zomwezo ndikulemba apa.

Matendawa si atsopano. Moritz Kaposi anawafotokoza ku Vienna mu 1872, atawaona mwa amuna achikulire 5. Mu Africa muno analipo HIV isanabwere, makamaka cha ku Congo ndi Uganda. HIV itafika anabuka ngati moto wa lupsa, moti kaundula wa khansa wa dziko lino, amene anayamba mu 1985, anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1990 iyi ndiyo inali khansa yoyamba pakati pa amuna a mu Harare. Choyambitsa chake chinadziwika mu 1994, pamene Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku Columbia University ku New York anapeza m'zotupazi majini a kachilombo kena ka m'gulu la herpes, komwe lero timati KSHV kapena HHV-8. Kuno kwathu kamayenda kwambiri kudzera m'malovu, ndipo ambiri amakatenga ali ana, m'nyumba momwe anakulira. M'madera ena a Uganda ndi mayiko oyandikana nawo, akuluakulu oposa theka ali nako osadwala. Ndinawauza mayiwo kuti mwina kachilomboka amuna awo akhala nako kuyambira ali kumbuyo kwa amayi awo, kali phee, ndipo kanadzuka chitetezo cha m'thupi chitagwa. Anapumira m'mwamba, osanenanso kanthu.

Chimene chimandigwira mtima pa khansa iyi n'chakuti chotupacho ndi mitsempha yeniyeni. Mu 1971 dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston, Judah Folkman, analemba kuti chotupa sichingakule kupyola mamilimita 1 kapena 2 chisanadzikokere timitsempha tatsopano ta magazi, ndipo kuti ukatseka njira imeneyo ukhoza kuchifooketsa. Ambiri sanamukhulupirire kwa zaka. Mu 1983 a mu labotale ya Harold Dvorak anapeza puloteni yochititsa mitsempha kuchucha, ndipo mu 1989 Napoleone Ferrara anapeza puloteni yomeretsa mitsempha, VEGF. Zinadzadziwika kuti ndi puloteni imodzi yomweyo. Khansa zina zimaitana mitsempha kuti izidyetse. Pa ya Kaposi, kachilombo ka KSHV kamalowa m'maselo omwe amayala mkati mwa mitsempha ya magazi ndi ya madzi a m'thupi, n'kuwasandutsa chotupa.

Kachilomboka kamachita zimenezi ndi mapuloteni ake. M'maselo ambiri a m'chotupa kamakhala kogona, kakupanga mapuloteni ochepa chabe. LANA, ija anaipeza ku labotale, imamangirira majini a kachilombo ku majini a selo kuti selo likagawikana, ana onse awiri atengeko. Ina, vFLIP, imaletsa selo kufa pa nthawi yake ndiponso ndiyo imalipatsa maonekedwe a njere ya mpunga aja. Koma maselo owerengeka, ochepa kwambiri, kachilombo kamakhala kodzukamo, ndipo amenewa ndiwo amasokoneza dera lonse, monga ng'oma imodzi imasonkhanitsira mudzi wathunthu. Amapanga vIL-6, yofanana ndi puloteni yathu yoyambitsa kutupa, komanso vGPCR, imene gulu la Enrique Mesri linaonetsa mu 1998 kuti imalamula maselo kutulutsa VEGF. Puloteni yathu yofanana ndi vGPCR imadikira uthenga isanagwire ntchito. Ya kachilomboyi sidikira kanthu, ili ngati mpopi woduka pakamwa, madzi amangotuluka usana ndi usiku.

HIV nayo imaponyapo nkhuni zake, kuwonjezera pa kugwetsa chitetezo. Mu 1990 Barbara Ensoli, ali mu labotale ya Robert Gallo, anaonetsa kuti puloteni ya HIV yotchedwa Tat imatuluka m'maselo n'kukakulitsa maselo a Kaposi, ndipo mu 1996 gulu la Adriana Albini ku Italy linapeza kuti Tat imagwira pamalo pomwe VEGF imagwira. Ndiye kuti tizilombo tiwiri tikukankha chitseko chimodzi.

Bambowa ndinawafotokozera m'mawu a ntchito yawo. Ndinati mitsempha imene ikumera m'mwendo mwawo ili ngati msoko wosokedwa mothamanga, ulusi wotalikirana, moti madzi ndi magazi zimadutsa. Magazi otayikawo ndiwo amadetsa zotupa, madziwo ndiwo akutupitsa mwendo, ndipo njira zobwezera madzi zatsekeka. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Msoko wotero sitiupachika, adokotala. Timaumasula n'kuyambanso."

Zimenezi zimamveketsanso chifukwa chake anaipiraipira mwadzidzidzi. Munthu akayamba ma ARV chitetezo chili pansi kwambiri, miyezi yoyambirira chitetezocho chimadzuka mwaukali n'kuchulukitsa kutupa, ndipo Kaposi yobisala imaphulika. Timati IRIS. Pa IRIS ya TB, prednisolone amathandiza. Pa Kaposi amawononga, chifukwa amafooketsa maselo omwe amagwira KSHV ndiponso amathandiza kachilomboka kudzuka. Mankhwala omwewo, wodwala wooneka chimodzimodzi, zotsatira zosiyana ngati usiku ndi usana, ndipo chosiyanitsa chinali kumwamba kwa m'kamwa.

Zimene tinachita

Ma ARV sitinawaimitse ngakhale tsiku limodzi, ngakhale alongo awo anachonderera poona kuti zonse zinayamba mankhwalawo atayambiranso. Prednisolone tinamutsitsa pang'onopang'ono mpaka kusiya. Cotrimoxazole, mankhwala oteteza ku matenda ena, anapitiriza.

Povuta panali pa mankhwala a TB. Amodzi mwa iwo, rifampicin, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya dolutegravir, ndiye munthu amayenera kumwa dolutegravir kawiri patsiku, zomwe bambowa sanauzidwe. Amachepetsanso mphamvu ya paclitaxel, mankhwala a khansa amene bambowa ankayenera kulandira. Koma kuchotsa mankhwala a TB kwa munthu wa CD4 88 si chinthu chochita mopepuka, pakuti matenda awiriwa amatha kukhalira limodzi m'mapapo amodzi. Tinakambirana ndi anzathu a kuchipatala chachikulu komwe tinawatumiza, tinaonanso X-ray limodzi, ndipo tinagwirizana kuwasiya, n'kumayeza makhololo mwezi ndi mwezi. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. TB sinaonekepo mpaka lero.

Pa T1 ma ARV okha sakwanira, pamafunika mankhwala a khansa. Kwa zaka zambiri m'chigawo chino tinkadalira bleomycin ndi vincristine chifukwa ndi otsika mtengo, ndipo ena ankakonda etoposide wakumwa poti safuna dripi. Funso loti abwino ndi ati linayankhidwa ndi kafukufuku wa A5263, amene anachitika ku Brazil, Kenya, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndi odwala 334, n'kusindikizidwa mu The Lancet mu 2020. Susan Krown ndiye anatsogolera, ndipo Margaret Borok wa ku University of Zimbabwe anali mmodzi wa ofufuzawo. Pofika mlungu wa 48, amene anali moyo matenda osapitirira anali 50 peresenti pa paclitaxel poyerekeza ndi 20 peresenti pa etoposide, ndipo poyerekeza ndi bleomycin ndi vincristine anali 64 peresenti kwa 44. Kusiyana kunali kwakukulu moti magulu awiri enawo anaimitsidwa nthawi isanakwane. Ndimaunyadira kafukufuku ameneyu, chifukwa ena mwa anthu amene anapereka mikono yawo ku dripi anali a m'makomboni a Harare ndi a ku Malawi, ndipo yankho lake ndi la odwala athu enieni.

Bambowa analandira paclitaxel, mamiligalamu 100 pa sikweya mita ya thupi, milungu 3 iliyonse, maulendo 6. Asanalandire paclitaxel munthu amapatsidwa dexamethasone kuti thupi lisamukane, ndipo ameneyu ndi wa gulu limodzi ndi prednisolone, choncho anawapatsa mlingo wochepa wa tsiku la dripi lokha. Ndalama za mankhwala ndi za kombi zinasonkhedwa ndi abale, amayi a chigwirizano a mpingo wawo wa CCAP, ndi mphwawo wa ku Bulawayo. Alongo aja atamva kuti paclitaxel anayamba kutengedwa ku khungwa la mtengo wa yew wa ku America anafewa mtima, anati ndiye kuti nawonso ndi mankhwala a mtengo. Kuyambira tsikulo ndiwo ankawaperekeza ku dripi.

Mankhwala amene sayansi imeneyi yabala

Munthu akamva za VEGF ndi vGPCR amayembekezera kuti pali mankhwala olasa pomwepo. Ofufuza ayesa, ndipo zotsatira zake n'zophunzitsa. Bevacizumab, wogwira VEGF, anavomerezedwa ku America mu 2004 pa khansa ya m'matumbo, ndipo ambiri ankaganiza kuti pa Kaposi adzachita zodabwitsa. Pa kafukufuku waung'ono wa National Cancer Institute wa mu 2012, zotupa zinachepa mwa munthu mmodzi pa atatu alionse basi. Kachilomboka sikadalira njira imodzi. Ukatseka VEGF pamatsala vIL-6 ndi mapuloteni ena omeretsa mitsempha, madzi amangopeza pena potulukira.

Umboni wina unachokera kwa anthu oikidwa impso. Mu 2005 madokotala a ku Italy analemba za odwala 15 amene anatuluka Kaposi chifukwa cha mankhwala otsitsa chitetezo. Atawasinthira ku sirolimus, amene amatseka njira ya mTOR yomwe vGPCR imadzera, zotupa za pakhungu zinazimiririka mwa onse.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya thalidomide. Awa ndi mankhwala amene amayi oyembekezera ankamwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ana masauzande n'kubadwa opanda manja ndi miyendo yokwanira, mpaka anachotsedwa pamsika mu 1961. Mu 1994 Robert D'Amato, wa mu labotale ya Folkman, anaonetsa kuti thalidomide amaletsa kumera kwa mitsempha. Kuchokera pamenepo kunabadwa m'bale wake, pomalidomide, amene amachepetsa kumera kwa mitsempha komanso amathandiza chitetezo kuona maselo omwe muli kachilombo. Anavomerezedwa ku America pa khansa ya Kaposi mu May 2020, pa umboni wa odwala 28, omwe 71 peresenti mwa iwo zotupa zinachepa. Ndi akumwa. Kwa munthu ngati telala wanga, amene tsiku la dripi limamudyera ntchito, thiransipoti ndi mphamvu, mapiritsi otere akanasintha zambiri. Ali ndi zoopsa zake, amaundanitsa magazi, amatsitsa maselo oyera, ndipo pafupi ndi mimba safunika n'komwe. Koma chotchinga chachikulu kuno ndi mtengo. Ine sindinalemberepo wodwala aliyense pomalidomide.

Ndipo mpaka lero palibe katemera wa KSHV, palibenso mankhwala ovomerezedwa olasa LANA, vFLIP kapena vGPCR mwachindunji. Ganciclovir amagwira kachilombo kodzuka kokha, pomwe kambiri ka m'chotupa n'kogona. M'maganizo anga, chimodzi mwa zochedwetsa n'chakuti ma ARV amphamvu atafika ku America ndi ku Ulaya cha m'ma 1996, Kaposi inachepa kwambiri kumeneko, ndipo odwala ambiri otsala ndi a mu Africa muno, omwe sangagule mankhwala odula. Izi zimandipweteka. Tikudziwa mayina a mapuloteni amene anatupitsa mwendo wa bambo aja, tikudziwa pomwe amagwira, koma chowapulumutsa chinali ma ARV ndi mankhwala a khansa amene anavomerezedwa pa Kaposi kale mu 1997.

Mmene zinayendera

Atalandira dripi yachiwiri kubanika kunachepa, okosijeni anakwera kufika pa 96, ndipo anayambanso kudya nsima osamva kuwawa. Tsitsi linathothoka. Dripi yachinayi inachedwa ndi mlungu umodzi chifukwa maselo oyera anatsika. Pofika yachisanu anayamba kudandaula dzanzi kumapazi ndi kunsonga za zala, vuto lodziwika la paclitaxel, ndipo kwa telala si laling'ono. Anandiuza kuti ulusi pa singano akuwalowetsera ndi mwana wawo wamkazi akaweruka kusukulu. Titakambirana anasankha okha kumaliza maulendo onse 6.

Patatha miyezi 6 kachilombo ka HIV sikankaonekanso m'magazi, CD4 inafika pa 214, madzi a m'chifuwa anauma, chotupa cha m'kamwa chinaphwa n'kusiya banga. Zotupa za pamwendo zinaphwa koma mawanga akuda alipobe, ndipo ndinawauza kuti amenewo ndi utoto wa magazi akale, sadzachoka msanga.

Mwendo ndiwo sunabwerere mwakale. Njira za madzi zikawonongeka nthawi yaitali, khungu limauma n'kulimba ngati khungwa, ndipo mankhwala a khansa sakonza zimenezo. Pamenepa ndimakumbukira milungu ija inatayika pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Timawamanga bandeji yothina, amaukweza mwendo usiku, amasamala pakati pa zala kuti pasachite zilonda. Makina akupalasa ndi mwendo wakumanja tsopano, ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Pakiliniki pathu tinagwirizana kuti aliyense woyamba kapena woyambiranso ma ARV tizimuvula nsapato ndi masokosi, tizimuyang'ana m'kamwa ndi tochi, ndipo prednisolone asaperekedwe kwa munthu wa HIV izi zisanachitike.

Kaposi imabwerera mwa odwala ambiri, choncho timawaona miyezi 3 iliyonse. Tepi yoyezera mwendo ya pakiliniki inasowa tsiku lina, iwo n'kutulutsa yawo m'thumba la jekete. Kuyambira pamenepo amadziyeza okha Lolemba lililonse m'mawa, pakatumba, zala zinayi pansi pa bondo, n'kulemba kumapeto kwa kope lawo la maoda, pansi pa miyezo ya mayunifolomu a ana asukulu. Pachiyambi wakumanzere unali masentimita 46, wakumanja 34. Mwezi watha anabwera ndi kopelo atalitsegula kale, chala chili pa 39. Kenako anapinda thalauzi n'kundionetsa kabanga kamodzi pamwamba pa kakolo, koti sakukumbukira ngati kanalipo kale. Ndinakajambula, ndinakayeza ndi tepi yawo yomweyo, mamilimita 6, ndipo ndawauza abwerenso pakatha milungu 4.